Kalata kwa Nduna ya Zamaphunziro: ana a ku Jenala nawo afike pa sayansi ya kuwala

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina yoyendera kuno kwa Jenala, m'boma la Phalombe. Ndikupemphani mumve za kafukufuku wina yemwe angaoneke wakutali ndi ife, chifukwa pempho langa lachokera pamenepo.

Mu 1999 mwana wa mu Africa, Ahmed Zewail wa ku Egypt, analandira mphoto ya Nobel chifukwa chogwiritsa ntchito kuwala kwa laser kong'anima mwachangu kuona mmene maatomu amalekanirana molekyu ikamasweka. Nthawi yake amaiyeza m'mafemtosekondi: sekondi imodzi muigawe magawo 1,000,000,000,000,000. M'mafemtosekondi 100 kuwala, ndi liwiro lake lonse lija, sikudutsa n'kunenepa kwa tsitsi limodzi komwe.

Ataona, akatswiri anafuna kulamulira. Mukatenthetsa mankhwala pamoto, mfundo yofooka yolumikiza maatomu ndiyo imayamba kuduka, mufune musafune. Kale anayesapo kulunjikitsa laser pa mfundo imodzi yomwe akuifuna, koma mphamvuyo inkamwazikira molekyu yonse mfundoyo isanaduke. Njira inapezeka m'kuumba kung'animako. Kung'anima kwakufupi chotere kumakhala ndi mitundu yambiri ya kuwala. Amaimwaza mitunduyo, ina n'kuichedwetsa pang'ono, ina n'kuitsogoza, kenako n'kuiphatikizanso. Ife a kuno timadziwa kuti pa tchopa ovina satsata kukula kwa phokoso, amatsata kaimbidwe ka ng'oma. Maatomu nawonso amasuntha motsata ndondomeko yomwe kuwala kwafikira.

Mu 1992 katswiri Rabitz wa ku Princeton ndi mnzake Judson anati kompyuta iziphunzira yokha: iyese kaumbidwe kosiyanasiyana, makina ayeze zidutswa zomwe zatuluka, isunge kaumbidwe komwe kachita bwino, isakanize, iyesenso. Gulu la Gustav Gerber ku Würzburg linachitadi zimenezi mu 1998 pa molekyu yokhala ndi atomu ya chitsulo pakati, ndipo linatha kuchulukitsa zidutswa za mtundu wina n'kuchepetsa zina. Chomwe chimanditenga mtima n'chakuti kompyuta imapeza kaumbidwe kogwira ntchito, koma siifotokoza chifukwa chake. Kumasulira zimenezo ndi ntchito yomwe ikudikirabe mitu ya anthu, ndipo yambiri imafuna masamu, kompyuta ndi kuleza mtima. Zimenezi ana athu angazithe.

Sindikupempha kuti boma ligule laser yotere. Ndi yodula, imafuna magetsi osazimazima ndi chipinda chopanda fumbi, pomwe ife tikukonzabe zomwe namondwe Freddy anagumula mu Malichi 2023. Koma makinawa sali kutsidya kwa nyanja kokha. Ku South Africa, yunivesite ya Stellenbosch ili ndi malo ofufuzira komwe amagwiritsa ntchito ma laser a femtosekondi, ndipo ku Pretoria kuli African Laser Centre, yomwe inakhazikitsidwa mu 2003 kuti ofufuza a m'mayiko a mu Africa azithandizana zipangizo ndi maphunziro. Unduna wanu, pamodzi ndi National Commission for Science and Technology, upatule ndalama zoti chaka chilichonse ophunzira angapo a Physics ndi Chemistry a ku MUST ku Thyolo ndi ku University of Malawi ku Zomba azikaphunzira kumeneko, n'kubwerera kudzaphunzitsa. Wina akafunsa phindu lake, muuzeni kuti ma laser omwewa ndi amene madokotala ena amachitira opaleshoni ya maso, kuphatikizapo ya ng'ala.

Komabe wopita ku Stellenbosch amayambira m'kalasi ngati yanga. Ndikamaphunzitsa za kuwala ndimaika kalirole m'beseni la madzi pakhomo, dzuwa n'kuponya utawaleza pakhoma. Ana amakankhana kuti aone, ndipo mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa ngati mitunduyo ingabwezeredwe pamodzi. Limenelo ndi funso lenileni la oumba kung'anima kwa laser, koma ndinalibe chomuonetsera nacho yankho. Ambiri mwa anawa amakumana ndi zipangizo zenizeni mayeso a MSCE atayandikira kale.

Choncho pa bajeti ikubwerayi, sekondale iliyonse yoyendera ipatsidwe bokosi la magalasi a prizimu, malenzi, tima laser ta m'manja ndi sola yoyatsira chipinda chimodzi, ndipo aphunzitsi tiphunzitsidwe kagwiritsidwe kake patchuthi. Mukadzafika ku Phalombe, dzapatukireni kwa Jenala mudzacheze ndi anawa.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sayansi,
Jenala, Phalombe