Dimba Lisakhale Ndende

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amadziwa kuti basi ikaima pa Lizulu kapena pa mphambano yopita ku Tsangano, tulo timabalalika. Mazenera onse amadzaza ndi mabeseni a matimati, kabichi, anyezi, karoti ndi mbatatesi. Apaulendo amanenerera mtengo mpaka wogulitsa kutsala pang'ono kugwetsa misozi, kenako basi imanyamuka, iwo n'kumayamikira kuti ku Ntcheu zinthu n'zotchipa. Ndi ochepa amene amadzifunsa kuti mulu umodzi wa matimatiwo unamwa makheni angati a madzi, ndipo anasenza madziwo ndani. Ine ndine mwana wa ku Ntcheu ndipo fizi yanga imachokera m'dimba, choncho funsoli silindichoka m'mutu.

M'nkhani ino ndikufuna kunena chinthu chimodzi. Tikamakamba za ulimi wothirira timakonda kuwerenga mahekitala ndi matumba a zokolola. Ine ndikuti tiyambenso kuwerenga masiku. Chida chabwino cha m'dimba ndi chimene chimampatsa mlimi mpata woti achokepo masiku angapo mbewu zake osafa.

Maganizowa sindinawatole m'buku. Ndili m'chaka choyamba ku yunivesite, agogo anga akuchikazi anagonekedwa m'chipatala mwezi wa Okutobala, nthawi ya dzuwa loswa mtengo. Monga mwa chikhalidwe chathu, amayi ndiwo anapita kukadikirira matenda. Anasiya matimati atayamba kumene kuchita maluwa. Bambo kulibe, ine ndili ku Zomba, ndiye kheni inagwera mng'ono wanga amene anali Sitandade 8. Ankalawirira kudimba kusanache, n'kukafika kusukulu mochedwa, ndipo masiku ena osapitako n'komwe. Ngakhale anayesetsa chotero, mwana mmodzi sangathe ntchito ya anthu awiri. Pamene amayi ankabwerako patatha masabata awiri, maluwa ambiri anali atayoyoka, ndipo matimati amene anapulumuka anali ndi zilonda zakuda kunsi kwake, vuto limene limabwera mbewu ikamamwa lero n'kugona ndi ludzu mawa. Nditawaimbira foni anangoti, "Mwanawe, ndikanasiya amayi anga chifukwa cha matimati?" Ndinasowa chowayankha. Agogo anachira, koma chaka chimenecho tinadya ngongole.

Zoterezi sizichitika pakhomo pathu pokha. Moyo wa kumudzi uli ndi maitanidwe amene munthu sangakane. Maliro akagwa pamudzi khasu limagona, ndipo wachibale amakhala pasiwa masiku awiri kapena atatu. Maliro n'kulirana, amene amathamangira kudimba anzake ali kumanda adzaona yekha tsiku lake likadzafika. Palinso matenda, sikelo ya ana, chinkhoswe, milandu ya kubwalo la amfumu, ndiponso msika weniweniwo umene matimatiwo amakagulitsidwa. Dimba lothiriridwa ndi kheni silidziwa zonsezi. Limafuna mwini wake m'mawa ndi madzulo, Lamulungu ndi Lolemba lomwe. Dimba lotere limadyetsa banja, inde, komanso limamanga mwini wake ngati mbuzi ya pachingwe.

Boma ndi mabungwe akhala akulimbikitsa ulimi wothirira kwa zaka zambiri, ndipo pali zifukwa zomveka. Njala ya 2002 ndi chilala cha 2005 zinationetsa kuti mvula yokha si yodalirika. M'zaka zimenezo alimi ambiri analandira mathiredo pampu, makina opalasa ndi miyendo amene anayambira ku Bangladesh cha m'ma 1980. Kenako kunabwera ndondomeko ya Green Belt m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo masiku ano tikuona mapampu oyendera mphamvu ya dzuwa. Mu Malichi 2024, mvula itadula chifukwa cha El Niño, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi. Palibe angatsutse kuti zida zimenezi n'zofunika. Koma tazionani bwino. Thiredo pampu imafuna wina wopalasa ndi wina wogwira paipi. Pampu ya injini imafuna petulo ndi munthu woilondera. Zonsezi zimayankha funso lakuti madzi akwere bwanji kuchoka mumtsinje. Siziyankha funso la amayi anga lakuti: ndikachoka, mbewu zanga zimwa chiyani?

Pamwamba pa apo, madziwo akuchepa. Ife a ku Ntcheu sitinaiwale kuti mu 2018 damu la Mpira, limene limamwetsa anthu a m'boma lathu ndi a ku Balaka, linaphwa mpaka mipopi kuuma. Ngati damu lonse likhoza kuphwa, nanji kachitsime ka m'dambo? Kuthirira kokhuthula madzi pabedi lonse, ambiri n'kuuluka ndi dzuwa, kwayamba kukhala mwanaalirenji.

Njira zoti mbewu zizimwa mwini wake kulibe zilipo, ndipo zina n'zakale kuposa agogo athu. Yoyamba ndi mtsuko. Mtsuko wadothi wootchedwa koma wosapakidwa chilichonse uli ndi timabowo tosaoneka ndi maso. N'chifukwa chake umachita thukuta ndi kuziziritsa madzi akumwa. Mukaukwirira m'nthaka mpaka m'khosi, n'kuudzaza madzi ndi kuuvundikira, madzi amatuluka pang'onopang'ono. Dothi likauma limakoka madzi ambiri, likanyowa limakoka ochepa, ndipo mizu ya mbewu zobzalidwa mozungulira imalondola yokha mpaka kuukumbatira mtsukowo. Ku China njirayi inalembedwa ndi Fan Shengzhi zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo ikugwirabe ntchito m'madera ouma a ku India, Iran ndi Mexico. Chodabwitsa n'chakuti ife tili ndi dongo, tili ndi amayi odziwa kuumba, koma mitsuko yathu ikutha ntchito chifukwa cha zigubu zapulasitiki, ndipo owumba akusowa msika.

Yachiwiri ndi botolo. Mabotolo apulasitiki ali mbwee m'misika yathu. Mukaboola chitsekerero ndi singano yamoto, n'kulizika botololo chozondoka pafupi ndi tsinde, madzi amadontha molunjika kumizu. Kunena zoona botolo silisunga madzi nthawi yaitali, ndipo kabowo kake kamatsekeka ndi dothi mukapanda kukakulunga ndi kansanza. Koma kwa mbande yongowokedwa kumene, kapena kamtengo ka mango ndi papaya, tsiku limodzi kapena awiri opulumukawo ndiwo amasiyanitsa moyo ndi imfa.

Yachitatu ndi imene anthu amangoti diripu, kuthirira modontheza kudzera m'timapaipi. Njirayi inakula ku Israel, kumene katswiri wina dzina lake Simcha Blass anaikonza bwino, ndipo kampani ya Netafim yopanga zipangizo zake inakhazikitsidwa mu 1965. Ambiri amaganiza kuti ndi ya maesiteti okha, koma ilipo yaing'ono: ndowa kapena mgolo woikidwa pathandala lotalika pafupifupi mita imodzi, sefa, ndi timapaipi toyalidwa m'mizere. Sifuna injini chifukwa madzi amatsika okha. Ndowa ya malita 20 imafuna kudzazidwa tsiku ndi tsiku, komabe imeneyo ndi ntchito ya mphindi zochepa imene mwana angaigwire n'kukafika kusukulu belu lisanalire. Mgolo wa malita 200 pa mizere yomweyo umapereka mpata wokulirapo. Ubwino wina ndi wakuti masamba sanyowa, motero chiwawu, chimene chimakonda masamba onyowa, sichifala msanga. Ndipo njira zonse zitatuzi zimalimba mukaphimbira nthaka ndi udzu kapena mapesi, chifukwa chinyontho chimakhalitsa.

Madzi okha sakwanira. Tomato ndi mbewu yofooka msana. Ikalemedwa ndi zipatso imagwa, ndipo chipatso chikagona padothi lonyowa chimaola. N'chifukwa chake timazika timitengo n'kumangirira ndi luzi. Apa napo tiyenera kudzifunsa. Timitengoto timachokera kuti? Nthawi zambiri ndi mphukira za m'phiri ndi za m'mbali mwa mtsinje, ndipo luzi timasenda ku mitengo ya miombo, ina n'kuuma. Chaka chilichonse chiswe chimadya timitengoto, chaka chinacho tikadulanso tina. Tikudula mitengo imene imasunga madzi kuti tichirikize mbewu zimene zikufuna madzi omwewo. Nsungwi zobzalidwa m'malire a dimba zingathetse vutoli chifukwa zimaphukanso zikadulidwa. Mizati yolimba iwiri kumapeto kwa mzere, waya pamwamba, ndi zingwe zotsikira ku mbewu iliyonse, zimagwira ntchito ya timitengo tambirimbiri ndipo zimasungika mpaka chaka chamawa. Mbewu yomangiriridwa bwino siwopa mphepo ya usiku, mwini wake ali kutali.

Ndikudziwa kuti ena sagwirizana nane. Nditayesa kukwirira mitsuko inayi pa tchuthi chapitachi, amalume anaima pamphepete pa dimba n'kuseka. "Mphwanga, sukulu yakuphunzitsa ulesi eti? Mbewu imafuna phazi la mwini wake." Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Amalume, nanga tsiku limene phazilo lili kumaliro?" Mawu awo ali ndi nzeru ndithu. Mtsuko suona nsabwe za m'masamba, sudulira mphukira, supirikitsa mbuzi zimene zimangoyendayenda m'chilimwe. Koma kufuna kuti mayi apume, kapena kuti mtsikana akhale m'kalasi, si ulesi. Amene amatchula ulesi kawirikawiri si amene amasenza kheni.

Ena amanena za akuba, ndipo akunena zoona. Mgolo ndi mapaipi osiyidwa kudambo usiku akhoza kumera miyendo. Pa chifukwa chimenechi ndimaona kuti mtsuko ndi botolo zili ndi mwayi: zili pansi pa nthaka ndipo wakuba sangapindule nazo kwenikweni. Zida zodula zimayenera madimba oyandikana, a kalabu, kumene anthu amalonderana. Enanso amati dimba lalikulu la malonda silingathiriridwe ndi mitsuko. N'zoona, mtsuko umanyowetsa malo ochepa ouzungulira. Koma si mbewu zonse zimene zili pa ngozi yofanana. Nazale, mbande zongowokedwa, ndi mizere ingapo imene banja likudalira pa ndiwo ndi pa fizi, zimenezo ndizo zoyamba kutetezedwa. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pali nkhawa ina imene ndimailemekeza koposa, yakuti zida zidzapha mtima wothandizana. Kale munthu akagwa m'mavuto anansi ankamuthiririra dimba. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Koma mnansiyo naye ali ndi dimba lake, ndipo maliro akagwa mudzi wonse umakhala pamalo amodzi. Kupempha munthu kuti akusenzere makheni tsiku lonse n'kumulemetsa. Kumupempha kuti podutsa akudzazire mgolo ndi chinthu chimene angavomere mosanyinyirika. Chida sichichotsa mnansi. Chimapeputsa katundu amene tikumusenzetsa.

Monga wophunzira za chiyankhulo, ndaona kuti vuto lina lili pa mawu. Mneni woti kuthirira amachokera ku kuthira, ndipo kamphatikiri kakuti -ir- kamasonyeza kuchitira wina chinthu, monga m'mene kuphika kumasandukira kuphikira. Chiyankhulo chathu chimaiona mbewu ngati mwana amene akupatsidwa chakudya. Komatu mayi wanzeru akamapita kutali amamusiyira mwana chakudya. Sanena kuti adikire mpaka iye adzabwere. Tsoka lake, njira zimene ndatchulazi zilibe mayina okhazikika m'Chichewa. Mlangizi akaima pamsonkhano n'kumatchula mayina achingerezi, agogo amamva ngati ndi zinthu za azungu zofuna ndalama zambiri, chonsecho akunena za mtsuko umene uli kuseri kwa nyumba yawo. Bungwe la Centre for Language Studies, limene linatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000, likhoza kugwirizana ndi akatswiri a ku Bunda, ku Bvumbwe ndi ku Kasinthula kuti njirazi ziyesedwe pa dothi lathu, zipatsidwe mayina omveka, ndipo zifalitsidwe pa wailesi. Mayinawo akafunsidwe kwa alimi eni ake, poti ndiwo adzawatchule.

Pomaliza, ndikupempha alangizi a zaulimi, mabungwe ndi ife ophunzira kuti tikamabweretsa chida chatsopano kumudzi tizifunsa funso limene amayi anga akanafunsa: kodi ndingachoke masiku angati? Mitsuko yanga inayi ija sinasinthe dziko. Koma amayi atapita kumaliro kwa Ganya n'kukagonako masiku atatu, anapeza matimati ozungulira mitsukoyo ali chiimire, pamene mzere woyandikana nawo unali utazyolika. Amalume sananene kanthu. Anangofunsa kuti mayi woumba mitsukoyo amakhala mudzi uti.