Tipatseni Pulani ya Chasisi, Zina Tiwotcherera Tokha

Aliyense amene anaimapo pa renki ya Noord m'mamawa akudziwa kuti Joni imayendera minibasi. Alonda, osoka zovala ndi amayi ogwira ntchito m'nyumba za azungu amatsika mu Toyota Quantum kuchokera ku Soweto ndi Tembisa dzuwa lisanatuluke. Ndiye boma la South Africa likamatiuza za galimoto zamagetsi, ine ndimangofuna kudziwa kuti chasisi ya minibasi yamawa idzakhala ya ndani.

Chasisi ndi chimango chapansi chomwe chimagwira mateyala, mabuleki ndi chiwongolero. Pa galimoto yamagetsi, batire imayalidwa m'menemo ngati mphasa, mota n'kukhala pafupi ndi mateyala. Mbali yovuta ndi imeneyi. Ikakhala bwino, pamwamba mutha kumangapo minibasi, ambulansi kapena galimoto yonyamula tomato. Kampani ya OSVehicle inaona zimenezi mu 2013 ndipo inatulutsa chasisi yotchedwa Tabby, mapulani ake n'kuwaika poyera kuti aliyense awatenge, awasinthe. Mu 2017 nayo Renault inalengeza POM, chasisi yotsegula yochokera pa kagalimoto kake ka Twizy.

Otsutsa amati zonsezi zinali zidole, sizinadzaze msewu uliwonse. N'zoona ndithu. Koma pulani yaulere simulowa nayo pamsewu. Galimoto iyenera kuyesedwa kaye ndi kuvomerezedwa, kuno ndi bungwe la NRCS, ndipo ndalama zake galaja yaing'ono singazikwanitse. Apa mpamene boma liyenera kulowererapo, koma maso ake ali kwina.

Kumbukirani Joule. Kampani ya Optimal Energy ya ku Cape Town inaionetsa ku Paris mu 2008, ndalama za boma zinalowamo, kenako mu 2012 kampaniyo inatsekedwa galimoto isanafike pamsika. Ndalamazo zinali za anthu. Nanga makaniko wa ku Booysens angawapeze kuti mapulani ake lero?

Mu Disembala 2023 boma linatulutsa ndondomeko yake ya galimoto zamagetsi, kenako n'kulonjeza kuti kuyambira Malichi 2026 kampani yoika ndalama pa ntchitoyi izichotsera 150 peresenti ya ndalamazo powerengera msonkho. Msonkho amachotsera munthu amene ali kale ndi phindu lalikulu. Odyerera ndi eni mafakitale a ku Rosslyn, Silverton ndi Prospecton, amene mapulani awo amasungidwa ku Munich, Dearborn ndi Japan.

Ena akuti kupatsa owotcherera pulani n'kuika miyoyo pachiswe. Nkhawa imeneyi sindikuipeputsa, inenso ndimakwera minibasi zomwezi. Koma taonani zomwe zinachitika kale. Mu 2019 ofesi ya Public Protector inatulutsa lipoti la ma Quantum onyamulira katundu omwe anabooledwa mawindo, n'kuikidwa mipando, n'kumanyamula anthu mosemphana ndi malamulo. Palibe anapatsa owotchererawo pulani. Anadula zitsulo mongoyerekeza, pakuti minibasi yeniyeni inali yodula. Mlandu wake si wa mapulani otsegula ayi, chifukwa kunalibe.

Chomwe ndikufuna n'chapafupi. CSIR, pamodzi ndi mainjiniya a Wits ndi UJ, ajambule chasisi imodzi ya minibasi yamagetsi. Iyesedwe ndi ndalama za msonkho, iphwanyidwe pakhoma kangapo mpaka ikhoze. Kenako mapulani onse, kukula kwa chitsulo chilichonse ndi malo a bawuti iliyonse, aikidwe poyera, ndipo magalaja omanga motsatira pulaniyo aziyenderedwa ndi kupatsidwa chiphaso.

Ntchito yanga ndi yomasulira, choncho ndiwonjezere ichi: pulani ya m'Chingelezi cha mainjiniya chokhachokha ndi yotsegula theka. M'magalaja a ku Jeppestown mumamveka Chizulu, Chisutu, Chishona ndi Chichewa. Malangizo a batire, yomwe ikhoza kupha munthu akagwira waya wolakwika, alembedwe m'zinenero zimenezi. Akatero, mnyamata wa ku Mangochi amene waphunzira ntchito kuno adzabwerera nayo pa foni, ndipo anzake a ku Biwi ndi Ndirande adzaiwerenga osadikira womasulira.