MALANGIZO PA NCHITO: Safunsa Anadya Phula

Ana ena amene atsiriza Giredi 12 afuna kulowa nchito yomvetsera mau ojambulidwa ndi kuwataipa pa kompyuta, imene pa Cingelezi amati transcription. Nchitoyi ili ndi njira ziwiri, ndipo kholo limene liganiza zogulitsa ng'ombe kapena matumba a nshawa kuti lilipirire mwana maphunziro liyenera kuzidziwa zonse ndalama isanatuluke m'nyumba.

Njira yoyamba ndiyo kutaipa nkhani za mtundu uliwonse: zokambidwa pa misonkhano, milandu ya m'khoti, maulaliki, ndi mayankho amene anthu apatsa ofufuza. Ngakhale Nyumba ya Malamulo ku Lusaka ili ndi alembi osunga mau onse a aphungu m'buku la Hansard. Pano pafunika khutu lakuthwa, zala zacangu ndi kuleza mtima, pakuti mau a ola limodzi amadya maola anai kapena kuposerapo kuti alembedwe bwino.

Njira yaciwiri ndiyo kutaipa zimene dokotala wanena za wodwala. Iyi ifuna maphunziro ena apadera: ziwalo za thupi, maina a mankhwala, ndi mau ocokera ku Cilatini ndi Cigiriki. Hyperglycaemia ndi shuga wocuruka m'magazi, pamene hypoglycaemia ndi shuga wocepa. Mlembi wosokoneza mau awiriwa angaike moyo wa munthu pangozi. Ndiponso ayenera kukhala wosunga cinsinsi, pakuti lamulo la Data Protection Act la 2021 liteteza nkhani za umoyo wa munthu.

Tsono funso lalikulu ndi ili: adzamlemba nchito ndani? Nchito yotaipira madokotala inakula kwambiri ku America, ndipo yambiri inatumizidwa ku India ndi ku Philippines. M'zipatala za Boma muno m'Zambia, anchito ya zaumoyo amalemba okha pa khadi kapena m'kompyuta ya SmartCare. Kuwonjezera apo, masiku ano makina amamva Cingelezi ndi kucilemba okha, kotero kuti munthu amangotsala ndi kukonza zolakwa.

Koma makinawo akali kupunthwa pa Cinyanja, Cinsenga ndi Citumbuka. Ofufuza za ulimi ndi za umoyo amene amaceza ndi anthu m'midzi amafuna munthu wolemba zokambazo ndi kuzimasulira m'Cingelezi. Apa mwana wokulira ku Katete kapena ku Lundazi ali kale ndi cuma m'kamwa mwace.

Motero canzeru ndi kuyamba ndi njira yoyamba, imene sidya ndalama zambiri, ndi kulowa ya cipatala pokha-pokha malo a nchito ataoneka. Kholo lisanalipire, lifunse ngati sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA, ndiponso lionetsedwe kumene ophunzira ace akale agwira nchito. Yankho likakhala lozungulira, ng'ombe ibwerere m'khola.