Magiya 6, 8 kapena 10: mpikisano wa mapikapu wapindulira ndani?

M'mwezi wa Novembala 2025 kampani ya Toyota idaonetsa Hilux yatsopano mumzinda wa Bangkok ku Thailand. Maonekedwe adasintha, m'kati namonso mudasintha, koma giyabokosi ya otomatiki ya Hilux yoyendera dizilo idakhalabe ya magiya 6 monga momwe yakhalira kuchokera m'chaka cha 2015. Izi zidachitika pomwe Ford Ranger, yomwe imalimbirana msika ndi Hilux, idayamba kugulitsidwa ndi magiya 10 m'chaka cha 2018.

Kodi Toyota yatsalira m'mbuyo, kapena Ford ndiyo idapyola muyeso? Funsoli ndi lofunika kwa aliyense amene ndalama zake zimathera pa pikapu: mlimi wonyamula feteleza, kontilakitala, bungwe lothandiza anthu kumidzi, ngakhalenso boma lomwe limagula galimotozi ndi misonkho ya anthu. Wosankha molakwa amalipira kawiri, pothira mafuta komanso kugalaja.

Ntchito ya giya

Amene adapalasapo njinga ya magiya amaidziwa kale nkhaniyi. Pokwera chitunda munthu amaika giya yopepuka, miyendo n'kumazungulira kambiri koma njinga ikuyenda pang'onopang'ono. Pamalo osalala amaika giya yolemera, kupalasa kamodzi njinga n'kupita patali. Injini ya galimoto nayo ili ndi liwiro lomwe imagwira bwino ntchito popanda kumwa mafuta ambiri. Ntchito ya giyabokosi ndi kuisunga injiniyo pa liwiro limenelo, kaya galimoto ikunyamuka ndi katundu kapena ikuthamanga pamsewu wa tala.

Akatswiri amayeza giya ndi nambala. Giya yoyamba ya giyabokosi ya Ford ya magiya 10, yotchedwa 10R80, ndi 4.70. Apa ndiye kuti injini imazungulira pafupifupi kasanu kuti chitsulo chopititsa mphamvu kumatayala chizungulire kamodzi. Giya yachikhumi ndi 0.64, kutanthauza kuti chitsulocho chimazungulira mwachangu kuposa injini. Nambala ikakhala yaikulu, mphamvu yokokera imachuluka. Ikakhala yaing'ono, injini imapuma ndipo mafuta amapulumuka.

Chiyambi cha mpikisano

Giyabokosi ya otomatiki yoyamba kupangidwa yambiri idali Hydra-Matic ya kampani ya General Motors, yomwe idaikidwa m'galimoto za Oldsmobile za 1940 ndipo idali ndi magiya 4. Kwa zaka pafupifupi 60 mapikapu a otomatiki a ku America ankayenda ndi magiya osapitirira anayi. Zinthu zidayamba kusintha m'galimoto zapamwamba: BMW idabweretsa magiya 6 m'chaka cha 2001, Mercedes-Benz magiya 7 mu 2003, ndipo Lexus magiya 8 mu 2006.

Chomwe chidakankhira magiya ambiri m'mapikapu ndi lamulo. M'chaka cha 2012 boma la Barack Obama lidakhazikitsa malamulo okakamiza makampani kupanga galimoto zosamwa mafuta ambiri, ndipo kampani yolephera inkayenera kulipira chindapusa. Ku America mapikapu akuluakulu ndiwo amabweretsa phindu lochuluka ku makampani, moti Ford F-Series yakhala pikapu yogulidwa kwambiri m'dzikolo kuchokera mu 1977. Makampaniwo sakadasiya kupanga mapikapu, choncho adafunafuna njira zochepetsera mafuta pang'onopang'ono paliponse pomwe akadatha.

Ram 1500 ya 2013 idatsogola ndi magiya 8 a kampani ya ZF ya ku Germany. M'chaka chomwecho Ford ndi General Motors, omwe ndi adani pamsika, adagwirizana zopangira limodzi magiyabokosi a magiya 9 ndi 10 pofuna kugawana mtengo wa kafukufuku. Zotsatira zake zidaoneka mu F-150 ya 2017 komanso Chevrolet Silverado ya 2019. Toyota nayo idaika magiya 10 mu Tundra ya 2022 ndi magiya 8 mu Tacoma ya 2024, zonsezi za msika wa ku America. Apa zikuonetsa kuti kampaniyi siikulephera kupanga magiya ambiri. Kusiya Hilux pa magiya 6 n'kusankha.

Manambala akuti chiyani?

Pali zinthu ziwiri zomwe magiya ochuluka amabweretsa. Choyamba ndi kutalikirana kwa giya yoyamba ndi yomaliza. Giyabokosi yakale ya General Motors ya magiya 4 inkayambira pa 3.06 n'kuthera pa 0.70. Ya Ford ya magiya 6 inkayambira pa 4.17 n'kuthera pa 0.69. Ya ZF ya magiya 8 imayambira pa 4.71 n'kuthera pa 0.67, pomwe ya Ford ya magiya 10 imayambira pa 4.70 n'kuthera pa 0.64.

Woyang'anitsitsa manambalawa aona kuti kusintha kwakukulu kudachitika pochoka pa magiya 4 kupita pa 6. Kuchoka pa 6 kupita pa 8 kudaonjezerako pang'ono, koma pakati pa 8 ndi 10 kusiyana n'kochepa zedi. Pikapu yomwe injini yake imazungulira ka 1,600 pa mphindi ili m'giya yomaliza ya magiya 6 a Ford, ingazungulire pafupifupi ka 1,475 itakhala ndi magiya 10, zina zonse zitakhala chimodzimodzi.

Chachiwiri ndi kuyandikana kwa magiya. Zili ngati masitepe okwerera nyumba yosanja: akachuluka, mwendo sunyamuka kwambiri pa sitepe iliyonse. Kuchokera pa nambala yoyandikira 2.1 kufika pa 1.0, Hilux ili ndi magiya atatu pomwe giyabokosi ya Ford ili ndi asanu. Apa ndi pomwe dalaivala wokoka ngolo yolemera pachitunda amamva kusiyana, chifukwa giya ikasintha injini siigwa mphamvu kwambiri. Potsika mtsetse namonso giyabokosi imapeza giya yoyenera yogwirira galimoto kuti mabuleki asapse.

Kuyandikana kumeneku n'komwe kudathandiza makampani kuchepetsa kukula kwa injini. Ranger ya injini ya malita 2.0 ya mataibo awiri, yomwe idafika ku South Africa mu 2019 ndi magiya 10, inkatulutsa mphamvu yokokera ya 500 Nm. Hilux ya otomatiki idafika pa 500 Nm yomweyo mu 2020, koma ndi injini ya malita 2.8 ndi magiya 6. Makampani awiriwa adafika pamalo amodzi podzera njira zosiyana: ina injini yaing'ono yothandizidwa ndi magiya ambiri, inzake injini yaikulu yodzidalira.

Nanga mafuta?

Apa ndi pomwe ogula ambiri amakhumudwa. Malinga ndi miyeso ya bungwe la boma la America loona za chilengedwe la EPA, F-150 ya injini ya malita 3.5 yokoka ndi matayala akumbuyo inkayenda mamailosi 20 pa galoni mu 2016 ili ndi magiya 6. Ya 2017 ya magiya 10 idafika pa mamailosi 21. Uku ndi kuchoka pa makilomita pafupifupi 8.5 kufika pa 8.9 pa lita, phindu la 5 peresenti. Komanso m'chaka chimenecho injini nayo idakonzedwanso, choncho si phindu lonselo lomwe lidachokera ku giyabokosi.

Kwa kampani yogulitsa mapikapu mazanamazana patsiku, 5 peresenti ndi nkhani yaikulu pamaso pa lamulo. Kwa mwini galimoto imodzi, phindu limenelo litha kutha chifukwa cha matayala osapopa bwino, katundu wopyola muyeso kapena phazi lolemera la dalaivala. Ndipo magiya atatu omaliza a giyabokosi ya magiya 10 ndi othamangira pamsewu wabwino. Galimoto yomwe imakhalira kuzemba maenje kapena kuyenda m'matope siwafika kawirikawiri.

Ngakhale opanga magiyabokosi eni ake adachenjezapo. Stefan Sommer, yemwe adali mkulu wa ZF, adanena mu 2012 kuti magiya 9 ndiwo malire, chifukwa kupitirira apo kulemera ndi kuchuluka kwa zipangizo kumadya phindu lomwe magiya oonjezerawo angabweretse.

Chikomekome cha mkuyu

Pali chikhulupiriro choti magiya akachuluka, zoonongeka nazo zimachuluka. Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. M'kati mwa giyabokosi ya magiya 10 mulibe mawilo a mano khumi ondondozana. Muli magulu anayi a mawilo a mano ndi makilachi 6, omwe kompyuta imawagwiritsa mosinthanasinthana kuti ipeze magiya khumiwo. Ya ZF ya magiya 8 ili ndi magulu anayi ndi makilachi asanu. Choncho zitsulo sizidachuluke kwambiri. Chomwe chidachuluka ndi ntchito ya kompyuta, mavavu ndi masensa.

Madandaulo akhalapo pa mitundu yonse. Eni F-150 ena adakasumira Ford kukhoti ku America mu 2019 ponena kuti giyabokosi ya magiya 10 imasintha magiya mogunda komanso modzidzimutsa. General Motors nayo idasumiridwa chifukwa cha magiyabokosi ake a magiya 8, omwe eni galimoto ankati amanjenjemera. Mu Novembala 2024 kampani yomweyi idaitanitsa galimoto za dizilo zoposa 460,000 za 2020 mpaka 2022, zambiri mwa izo mapikapu, chifukwa vavu ina ya m'giyabokosi inkatha msanga ndipo ikadatha kumangitsa matayala akumbuyo galimoto ikuyenda.

Koma magiya 6 nawo sadapulumuke. Mu Febuluwale 2019 Ford idaitanitsa ma F-150 pafupifupi 1.5 miliyoni a 2011 mpaka 2013 chifukwa giyabokosi inkatha kubwerera yokha m'giya yoyamba galimoto ili pa liwiro. Mu Juni 2024 idaitanitsanso ena oposa 500,000 a 2014 pa vuto lofanana nalo. Gwero lake silidali kuchuluka kwa magiya, koma uthenga wochokera ku sensa yoyeza liwiro womwe unkasokonekera. Phunziro lake n'lakuti chomwe chimapangitsa giyabokosi kukhala yodalirika ndi kapangidwe kake ndi zaka zomwe yayesedwa pamsewu, osati nambala yolembedwa pa chikalata chotsatsira malonda.

Kuno kwathu

Mapikapu akuluakulu a ku America sapezeka wamba m'misewu ya m'dziko muno, koma mpikisanowu udafika kudzera ku South Africa. Hilux imapangidwa ku Prospecton mumzinda wa Durban, Ranger ku Silverton mumzinda wa Pretoria, ndipo Isuzu D-Max ku Gqeberha. Volkswagen Amarok, yomwe otomatiki yake idayamba ndi magiya 8, idasamukira ku fakitale ya Ford ku Silverton mu 2022 ndipo mitundu yake yamphamvu idatenga magiya 10. Isuzu, yomwe yakhala nthawi yaitali pa magiya 6, idatulutsa D-Max ya magiya 8 ku Thailand kumapeto kwa 2024.

Kwa wogula wa ku Malawi funso lalikulu ndi la chisamaliro. Giyabokosi ya Ford ya magiya 10 imafuna oilo wakewake wotchedwa Mercon ULV, wopyapyala kwambiri, ndipo ya Hilux imafuna Toyota ATF WS. Kuthira oilo wina aliyense wogula pamsika chifukwa choti ndi wofiira ndi njira yachidule yophera giyabokosi. Vuto likabuka pamafunika makaniko wokhala ndi makina owerengera kompyuta ya galimotoyo, ndipo zipangizo zake n'zoitanitsa kunja. Kuchokera pomwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso ndi kusowa kwa ndalama zakunja, galimoto itha kukhala pamiyala miyezi ingapo kudikira kachipangizo kokwana m'dzanja. Ambulansi kapena galimoto ya ofesi ya zaulimi ikaima chonchi, ovutika ndi anthu akumudzi.

Choncho mabungwe ndi nthambi za boma poitanitsa matenda ogulira mapikapu ayenera kufunsa zambiri kuposa mtengo ndi kamwedwe ka mafuta. Kodi wogulitsayo amasunga oilo ndi zipangizo za giyabokosiyo m'dziko muno? Kodi ali ndi amakaniko ophunzitsidwa kunja kwa Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu? Kodi chitsimikizo chake n'cha zaka zingati? Wokoka katundu wolemera tsiku ndi tsiku pa zitunda za Chiweta kapena Khwekhwerere, komanso woyenda maulendo ataliatali pamsewu wa M1, angapindule ndi magiya 8 kapena 10. Wogwira ntchito kutali ndi tauni angachite bwino kutsamira pa giyabokosi yomwe amakaniko a m'dera lake adaizolowera. Paja fodya wako ndi yemwe ali pamphuno.

Kutsogoloku

Zikuoneka kuti mpikisanowu wafika pamapeto. Padutsa zaka zingapo chiyambire magiya 10, koma palibe kampani yomwe yaika pamsika pikapu ya otomatiki ya magiya 11. Chikwapu chomwe chidayambitsa zonsezi nacho chafooka, pakuti mu Julaye 2025 boma la Donald Trump lidachotsa chindapusa cha makampani olephera kukwaniritsa miyeso ya kamwedwe ka mafuta. Mbali inayi, galimoto zoyendera magetsi sizifuna magiya ambiri chifukwa mota yake imapereka mphamvu yonse kuyambira ponyamuka. Mwa ma Hilux omwe Toyota idaonetsa ku Bangkok mudali wina woyendera batire, ndipo kampani ya BYD ya ku China idayamba kugulitsa pikapu ya Shark 6, yophatikiza petulo ndi magetsi, ku South Africa mu 2025.

Komabe dizilo sachoka msanga m'minda ndi m'misewu ya fumbi ya kuno. Mapikapu a magiya 10 omwe akugulidwa atsopano ku South Africa lero ndi omwe adzadzaze misika ya galimoto zakale m'chigawo chino zaka zikubwerazi, chitsimikizo chitatha kale. Sukulu zophunzitsa ntchito zamanja ndi eni magalaja ali ndi nthawi yochepa yoti akonzekere kuwalandira.