Nthangala za fulakesi ndi chakudya, si mankhwala a matenda onse

Masiku ano ogulitsa mankhwala azitsamba akutamanda kwambiri nthangala za fulakesi, zimene pa mapaketi amalemba kuti flaxseed kapena linseed. Tisanatulutse ndalama ya ndiwo, tiyeni tidziwe zoona zake.

Fulakesi ndi mbewu yakalekale. Aiguputo ankaomba nsalu ndi luzi lake, ndipo lero amalimidwa kwambiri ku Russia, Kazakhstan ndi Canada. Nthangala zake ndi zazing'ono, zofiirira, zokulirapo pang'ono kuposa chitowe.

Ubwino wake ulipo ndithu. Choyamba, zili ndi gaga wambiri monga wa mu ufa wa mgaiwa, choncho zimathandiza munthu wodzimbidwa. Chachiwiri, zimatsitsako mafuta oipa a m'magazi otchedwa kolesitero. Chachitatu ndi kuthamanga kwa magazi. M'chaka cha 2013 madokotala a ku Winnipeg m'dziko la Canada anafalitsa zimene anapeza pa odwala mitsempha ya m'miyendo 110. Amene ankadya magalamu 30 a fulakesi wopera tsiku lililonse kwa miyezi 6, BP yawo inatsika: nambala ya pamwamba ndi 10, ya pansi ndi 7. Koma tidziwe kuti odwalawo sanasiye mankhwala awo a kuchipatala. Bambo kapena mayi wotaya mapiritsi a BP chifukwa chodalira nthangala akuika moyo wake pachiswe.

Nanga kadyedwe kake? Nthangala yosasinja ili ndi khungu lolimba, imangodutsa m'mimba osagayika. Tisinje mumtondo zokwanira masiku ochepa, tisunge m'botolo lotseka bwino pamalo ozizira, poti kutentha kwa kuno kunyanja sikuchedwa kuwononga mafuta ake. Supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri mu phala patsiku nzokwanira, ndipo timwe madzi ambiri.

Mafuta a fulakesi alibe gaga, ndiponso si okazingira mandasi kapena nsomba, chifukwa moto umawaononga. Timangothira pang'ono pa ndiwo zopsa kale. Chenjezo lalikulu nali: mafuta a linseed amene akalipentala amapaka matabwa si odya ayi. Ambiri mwa iwo amathiridwa mankhwala oumitsa msanga amene ndi poizoni. Tiwaike patali ndi ana. Amayi oyembekezera, oyamwitsa, ndi onse akumwa mankhwala a shuga kapena osungunula magazi monga warfarin, ayambe afunsa dokotala.

Ogulitsa amanena zambiri za mafuta a omega-3 othandiza mtima. Nzoona, oposa theka la mafuta a fulakesi ndi a mtundu umenewu. Koma thupi limayenera kuwasandutsa kaye, ndipo limangosandutsa pang'ono chabe. Nsomba zamafuta zimatipatsa omega-3 wokonzeka kale. Ndiye kuti ife a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota tili ndi mwayi: usipa tili nawo pakhomo, ndipo poudya ndi minga yomwe timalimbitsanso mafupa.

Choncho amene angathe kugula fulakesi agule, adye mwa muyezo. Amene sangathe asadandaule. Tisagulitse usipa wonse wa pathandala kuti tikagule kabotolo ka mafuta, ana nkugona ndi nsima ya mchere. Mgaiwa, nyemba, masamba ndi nsomba zisasowe pakhomo.

Tidzakumananso m'kope likudzali, Insha Allah.