Mlandu wa Siqueiros, Wojambula pa Makoma

Anthu ophunzira ali ndi cizolowezi coipa. Munthu akakhala waluso amamkhululukira zinthu zimene sangakhululukire mlimi kapena mmisiri woumba njerwa. Cizolowezi cimeneci cionekera poyera pa nkhani ya David Alfaro Siqueiros, wojambula zithunzi wa ku Mexico, amene anabadwa m'caka ca 1896 namwalira m'caka ca 1974.

Luso lace palibe angalikane. Itatha nkhondo yapaciweniweni ya ku Mexico, imene iye mwini anamenya nao ali mnyamata, anthu ambiri a dzikolo sanali kudziwa kuwerenga. Nduna ya maphunziro, José Vasconcelos, inaitana ojambula kuti aike mbiri ya dziko pa makoma a nyumba za Boma, kuti ngakhale wosadziwa zilembo aione naimve. Akuru a nchitoyo anali atatu: Diego Rivera, José Clemente Orozco ndi Siqueiros. Iyeyu ananyoza zithunzi zazing'ono zopacika m'nyumba za olemera. Pambuyo pace anayamba kupopera pa khoma utoto wopaka magalimoto, ndipo anthu a m'zithunzi zace amaoneka ngati alikuturuka m'khomamo kudza kwa woyang'ana.

Mantha analibe. M'caka ca 1932 ku Los Angeles anajambula mbadwa ya ku Mexico itapacikidwa pa mtanda, ciombankhanga ca dziko la America ciri pamwamba pace. Eni mzinda anaipidwa nacipaka njereza, ndipo cinatsegulidwanso kwa anthu m'caka ca 2012. Omtama amakonda nkhani imeneyi, ndipo ayenera kuikonda.

Koma pali nkhani ina imene amaifulumira. Siqueiros anali wa cipani ca Komyunizimu, wotsata Stalin, wolamulira wa ku Russia. Mdani wa Stalin, Leon Trotsky, anathawira ku Mexico nakhala ku Coyoacán. Usiku wa pa 24 May 1940 Siqueiros anatsogolera amuna ngati 20, obvala zobvala za apolisi ndi za asilikari, nalowa m'mpanda wa nyumbayo. Anaombera zipolopolo zoposa 200, zambiri m'zipinda zogona. Trotsky ndi mkazi wace Natalia anapulumuka pogona pansi m'ngodya ya cipinda. M'cipinda coyandikana munagona mdzukulu wao Esteban Volkov, mwana wa zaka 14, ndipo anabvulala phazi. Mlonda wina, Robert Sheldon Harte, anatengedwa ndi gululo. Mtembo wace unapezeka patapita mwezi, utakwiriridwa m'laimu.

Atagwidwa, Siqueiros anati sanafune kupha, anangofuna kuopsa Trotsky kuti acoke m'dzikomo. Wowerenga aweruze yekha. Munthu amene anamenya nkhondo ziwiri, ya kwao ndi ya ku Spain, angakhale wosadziwa cimene mfuti icita ikaloza pa kama usiku? Bwalo silinapeze kuti iye ndiye anapha mlondayo ndi dzanja lace, koma gulu limene linamtenga wamoyo linali lace. Amene anapha Trotsky mu August caka comweco anali munthu wina, Ramón Mercader. Izi sizicepetsa mlandu wa Siqueiros, pakuti wophonya nyama ndi woilasa onse anaturuka kukasaka.

Nanga cilango? Anakhala m'ndende miyezi yowerengeka cabe. Mlakatuli wochuka Pablo Neruda, amene anali kazembe wa dziko la Chile ku Mexico, anampatsa kalata yaulendo, ndipo m'caka ca 1941 Siqueiros anapita ku Chile. Kumeneko anajambula pa makoma a sukulu ya ana ku Chillán. Munthu woombera m'nyumba mogona mwana anapatsidwa sukulu ya ana kuti aikongoletse! Akadakhala wogulitsa makala sakadaona kalata imeneyo.

Ena amati anamva zowawa zokwanira, popeza anakhala m'ndende ya Lecumberri kuyambira 1960 kufikira 1964. Ndendeyo inali yosalungama, ndipo Boma la López Mateos linalakwa, cifukwa linammanga podzudzula olamulira ndi poteteza anchito a pa njanji amene anali m'ndende. Koma umenewo unali mlandu wina. Munthu salipira mbuzi imene anaba ndi mkwapulo umene anamkwapula molakwa tsiku lina. Makolo anati mlandu suola. Pa mau anakhala zaka zinai. Pa zipolopolo sanakwanitse caka. Ataturuka analandira mphoto yaikuru ya luso ya dziko lace, ndiponso mphoto ya mtendere yochedwa ndi dzina la Lenin.

Alendo ofika ku Mexico City ankatengedwa kukaona cithunzi cace cacikuru ca ku Polyforum, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1971, naimirira kukamwa yasa. Woyenda ulendo umenewo apitirire mpaka ku Coyoacán. Esteban Volkov, mwana uja, anakula nasunga nyumba ya agogo ace kuti anthu aziiona, kufikira anamwalira m'caka ca 2023. M'cipinda cogona mabowo a zipolopolo akali pa khoma, ndipo palibe anawapaka njereza.