Amuna anga ali ku Maula, kodi apilo ikadatheka?

Anamwino,

Ndine mayi wa zaka 24, ndili pachitengwa ndipo ndili ndi ana awiri, wamng'ono akadayamwa. Amuna anga amachita geni yogula mbuzi m'midzi ya kuno kwa Chiwere n'kukagulitsa kwa owotcha nyama. Mwezi watha adawapeza ndi mbuzi ziwiri zomwe akuti zidabedwa. Iwo adachita kugula kwa mnyamata wina yemwe pano adathawa. Kukhoti adaukana mlandu koma majisitireti adawapeza olakwa n'kuwalamula kukakhala kundende zaka zitatu. Pano ali ku Maula.

Ine ndimafuna kufunsa za apilo koma apongozi adati zimenezo n'za anthu andalama, tiyambe takapepesa mwini mbuzi kwa amfumu. Tidagulitsa matumba anayi a chimanga n'kumulipira, iye adati watikhululukira. Amfumu adalemba kalata koma kupolisi adatibweza nayo. Pano patha masabata atatu. Kwabweranso bambo wina yemwe akuti amadziwana ndi akuluakulu a kukhoti, tikangomupatsa K200,000 amuna anga atuluka. Kodi ndigulitse njinga? Makolo anga akuti ndingobwerera kwathu.

Mayi wodandaula,
Mvera, Dowa.

Mwana wanga,

Njingayo musagulitse. Ndayambira pamenepa chifukwa ndikuopa kuti mwina wogula wabwera kale kudzaiona. Bambo ameneyo angokudyerani ndalama, ndipo zikavuta mudzapezeka nanu muli m'chitokosi, paja kupereka chiphuphu ndi mlandu ngati momwe kulandira kulili. Nanga ana adzatsala ndi ndani?

Apongozi anu sadalakwe mtima, adangolakwa khomo. Majisitireti akagamula mlandu, ndiye kuti wachoka m'manja mwake, iye mwini sangabwerenso mawa n'kufufuta zomwe adalemba. Apolisi sangautseke, amfumu sangaumasule, ngakhale mwini mbuzi atalira misozi kuti mkamwini wa eni atuluke. Kupepesa kuja kukadathandiza kwambiri chigamulo chisadaperekedwe. Pano bwalo lomwe lili ndi mphamvu yosintha zimenezi ndi High Court, bwalo lalikulu, ndipo kwa inu a ku Dowa ndi Ntchisi ndi la ku Lilongwe. Ena amati tingopita kwa akuluakulu enieni ku Supreme Court of Appeal ku Blantyre. Ayi, kumeneko munthu amafikako atadzera kaye ku High Court, monga momwe wodwala amayambira ku chipatala chaching'ono asadamutumize ku Central.

Tsono nkhani ili pa masiku. Gawo 349 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu, lotchedwa Criminal Procedure and Evidence Code, limati munthu wofuna kuchita apilo adziwitse High Court polemba kalata pasadathe masiku 10 chigamulireni mlandu. Masiku 10 okha basi. Powerenga musamadumphe Loweruka ndi Lamulungu, mungadzinamize. Anu aja adathera pabwalo la amfumu ndi pamsika wa chimanga.

Koma musafooke. Mawa lomweli kwerani minibasi mukawaone amuna anu, ndipo musadayambe kulira muwafunse funso ili: kodi tsiku lachigamulo lija adanena pamaso pa majisitireti kuti achita apilo? Lamulo lomweli limati munthu yemwe adalibe loya akanena mawu amenewa m'khoti nthawi yomweyo, zimatengedwa ngati wapereka kale chidziwitso. Ambiri amawanena ndi mkwiyo, achibale osamva n'komwe chifukwa cha phokoso la kulira. Mufunsenso ngati adapereka kalata iliyonse kwa oyang'anira ndende, chifukwa mkaidi akapereka chidziwitso chake kwa amene akumusunga kuti achitumize, lamulo limawerenga ngati chafika ku High Court.

Akayankha kuti inde, thamangani, pakuti pali mpanda wachiwiri. Chidziwitso chimangonena kuti sindidakhutire. Pamafunikanso chikalata chofotokoza zifukwa, kuti majisitireti adalakwitsa pakuti ndi pakuti, ndipo chimenechi chili ndi masiku 30. Ngati munthu adapempha pepala la chigamulo popereka chidziwitso, masikuwo amayambira tsiku lomwe walilandira. Ngati sadapemphe, amayambira tsiku lachigamulo. Pomwe mumalemba kalatayi padali patatha masiku 21. Werengani nokha otsalawo.

Akayankha kuti ayi, khomo likadalipo ngakhale ndi lopapatiza. High Court ili ndi mphamvu yolandira apilo yochedwa ngati pali chifukwa chomveka. Muyenera kupempha chilolezo n'kufotokoza chomwe chidakuchedwetsani. Apa ndipo kalata ya amfumu ija igwire ntchito, musaikulungire mandasi. Ikusonyeza komwe mudali masiku onsewa komanso kuti mwini mbuzi adalipidwa. Koma jaji amayang'ana kutalika kwa nthawi. Pa zaka zomwe ndidagwira ntchito m'mawodi ndidaona kuti bala la masiku atatu timangotsuka n'kumanga, la miyezi itatu timayamba kuitana adokotala a mpeni. Kuchedwa kwa masabata n'kosavuta kufotokoza, kwa chaka ndi nkhani ina.

Zoti apilo n'ja andalama, apongozi adanena zakale. Kuli bungwe la boma la Legal Aid Bureau, lomwe lidayamba ntchito mu 2015, ndipo maloya ake amayimira anthu omwe sangakwanitse kulipira loya. Ku Lilongwe ofesi yawo ilipo. Kulinso a bungwe la PASI omwe akhala akuyendera ndende kuyambira mu 2000, kuthandiza akaidi kumvetsa malamulo ndi kulemba zikalata ngati zimenezi. Amuna anu awafunse komweko ku Maula. Popita mutenge nambala ya mlandu, dzina la khoti ndi tsiku lenileni lachigamulo. Mukapanda kuzidziwa, kafunseni kwa kalaliki wa khoti lomwe lidazenga mlandu. Osangoti "lidali Lachinayi lina lake mvula itagwa", ayi.

Wina akuuzani kuti musavutike, fayilo ipita yokha. Pali choonadi pamenepo. Chilango chachitali ngati cha zaka zitatu, komanso cha munthu wolakwa koyamba yemwe wapita kundende, chimayenera kutumizidwa ku High Court kuti jaji achionenso. Koma mafayilo ndi ambiri, majaji ndi ochepa, ndipo simudziwa kuti yanu aifikira liti. Ine sindingakhale pakhonde kudikira zimenezo.

Ndikuuzeninso zowawa, kuti musadzati Anamwino adandinamiza. Kuchita apilo sikutulutsa munthu tsiku lomwelo, amapitiriza kugwira ukaidi mpaka jaji atamva nkhaniyo. Belo podikira apilo amapereka mwa apo ndi apo. Ndipo jaji akhoza kumasula, kuchepetsa chilango, kuchisiya momwe chilili, kapenanso kuchiwonjezera akaona kuti chidachepa. N'chifukwa chake loya ayenera kuiwerenga kaye nkhani yonse. Mwayi wanu ngwakuti amuna anu adaukana mlandu. Makolo omwe mukuwerenga, dziwani kuti mwana akavomera mlandu m'khoti, kawirikawiri apilo yake imangokhudza kukula kwa chilango, osati zoti ngwolakwa kapena ayi. Ndiye musamawakakamize kuti "ingovomera zithe msanga".

Za kubwerera kwanu, dikirani kaye. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri muwawerengere tsamba lino pamaso pa apongozi, mwaulemu, osawatonza za chimanga chija. Mupemphe mlamu mmodzi akuperekezeni ku Lilongwe, kuti mawa wina asadzati mkamwana adangodzichitira zam'mutu mwake. Wamkuluyo mumsiyire agogo ake, wakubereyo muberekeni. Inuyo mudye musadanyamuke ndipo mutenge madzi akumwa, mizere ya m'maofesi imatalika ndipo mwanayo afuna bere.

Anamwino.